Kodi Mayi Wolira Anali Mmodzi?

"Akazi a zisudzo sagwirizana." Mawu amenewa ndawamva pamsika, ndawamva m'minibasi yopita ku Limbe, ndawamvanso kwa akazi anzanga. Wowanena safuna umboni. Amangophera mphongo ndi mwambi uja wakuti atambala awiri salira m'khola limodzi, anthu n'kugwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ntchito yanga ndi yosoka, makina anga ali pakhonde la sitolo ina pano pa Phalombe Boma, ndipo pa za zisudzo ndine woonerera chabe. Koma mwambiwo ukanenedwa ndimatsala ndi mafunso. Atambala si amuna kodi? Nanga bwanji mwambi wa amuna ukugwera akazi? Ndipo kholalo adamanga ndani, adalimangiranji lopanikiza chotero?

Mafunsowa anandipeza okha pamakina, chifukwa cha sewero la nyimbo limene gulu lina la achinyamata a konkuno linkakonza. Linali sewero la Napolo. Aliyense wa kuno amene wayamba imvi akukumbuka mwezi wa Marichi 1991, pamene madzi, matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zidatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi, milatho ndi minda, anthu mazanamazana n'kutha. Ana obadwa pambuyo pake ankangoimva nkhaniyo kwa anganga awo, kufikira namondwe wa Freddy atafika m'Marichi 2023 n'kukwirira madera ngati a Nkhulambe mumchenga ndi miyala. Ndiye achinyamatawo sankakonza zoseketsa. Anaikamo nyimbo, ng'oma ndi magule, ndipo ankafuna kuti woonera akatuluka m'holo atuluke atakumbukira abale ake.

Nditapita kukaona akukonzekera, ndinawerenga ndi zala mbali za amuna: mfumu, m'busa, mphunzitsi, wapolisi, mwamuna wa mayi wofedwa, chidakwa chopepuzako mitima ya anthu, ndi bwana wa boma wochokera ku Mulanje, poti nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma palokha, idadzapatuka mu 1998. Aliyense wa amenewa anali ndi mawu ake, polowera pake ndi potulukira pake. Mbali ya mkazi yokhala ndi mawu inali imodzi yokha: mayi amene madzi adamulanda mwana kumsana. Nyimbo zonse zazikulu zinali zake. Atsikana ena onse, amenenso anali ochuluka kuposa anyamata, papepala anangolembedwa kuti "azimayi a m'mudzi". Ntchito yawo inali kusenza ndowa, kukhala pamphasa, ndi kuvomera nyimbo.

Mnyamata wotsogolera gululo, amene anzake amamutchula kuti dayirekita, anandibweretsera nsalu yakuda ya timaluwa toyera. "Amayi, mutisokere diresi la mayi wa m'sewero. Mwini wake abwera mudzamuyese."

Anabweradi. Anali mayi wa ana awiri, amene wakhala m'gululo kuyambira lidakali kukumana pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuzunguliza tepi pachifuwa ndi m'chiuno, ndinayesa kuchoka paphewa kufika m'akakolo, n'kulemba m'kope langa. Atayamba kuchoka anabwereranso. "Amayi, m'khwapamu musapanikize. Panyimbo yomaliza ndimakweza manja chonchi." Anakwezadi manja pakhonde pomwepo, zikhato zili m'mwamba, nkhope yake n'kusinthiratu, moti mayi wina wogulitsa tomato tsidya la msewu anasiya kuwerenga chenji n'kumamuyang'ana.

Nsalu ndisanaidule, kunabwera mtsikana wina wocheperapo msinkhu, amene mawu ake onse opemphera naye amawadziwa. "Amayi, andituma adayirekita kuti mundiyese diresi la mayi wa m'sewero." Ndinatsegula kope. Iye anaona manambala ali kale pansi pa mawu omwewo. Sanafunse kuti ndi a yani. Anaima chilili kwa kanthawi, kenaka anatambasula manja kuti ndimuyese, ndipo tepi inkakwera ndi kutsika pachifuwa pake chifukwa cha mmene ankapumira.

Pamenepo wolakwa anali yani? Wamkuluyo anauzidwa kuti mbaliyo ndi yake. Wamng'onoyo anauzidwa chimodzimodzi. Palibe mwa awiriwa amene anadzituma yekha kwa ine. Koma patapita masabata ochepa Boma yonse inkakamba za nsanje yawo: akuti sakupatsana moni, akuti wina anabisira mnzake pepala la nyimbo, akuti wina wapita kwa sing'anga kuti mnzake asase mawu. Dzina la amene anatuma akazi awiri kudzayesa diresi limodzi sindinalimve likutchulidwa pamsika. Chifukwa chiyani?

Ndinamufunsa mwini wake. "Achimwene, diresi ili ndi la yani?"

"Sokani kaye, amayi, tiona kutsogoloku."

"Ndisoke bwanji ziuno zili ziwiri?"

Anakhala pabenchi n'kundifotokozera, ndipo ndinamumvera chisoni, chifukwa si mnyamata woipa mtima. Wamkuluyo akalankhula pasiteji ngakhale ana amasiya phokoso, koma nyimbo ikakwera mawu ake amasweka. Wamng'onoyo akaimba tsitsi limaima, koma polankhula amathamanga ndipo sadziwa poika manja. Akasankha wamkulu, nyimbo zifa. Akasankha wamng'ono, wanyoza munthu amene wanyamula gululo zaka zonsezi, amene ankaphikira anzake nsima akamapita kukasewera ku Migowi kapena ku Chiringa. Ndiye anaganiza zongokhala chete, kuti mwina mmodzi atopa yekha. Ndinamumvetsa mantha ake. Chimene sindinamvetse n'chakuti, ngati kunena zoona kwa munthu mmodzi kuli kowawa, kunamiza anthu awiri kumapepuka bwanji?

Diresilo ndinalidula potsata miyezo ya wamkulu, n'kusiya nsalu yambiri m'misoko.

Kenaka dayirekita anabwera ndi nzeru imene anaiyesa yothetsa mlandu. Wamkulu avale diresi ndi kusewera, koma nyimbo ikafika azingoyendetsa milomo, wamng'ono ali kuseri kwa katani ndi maikolofoni. Onse awiri anakana, ndipo tsiku limenelo anagwirizana. Wamkulu anati sangaime pamaso pa anthu ofedwa n'kumalira ndi mawu obwereka. Wamng'ono anati makolo ake sangalipire pakhomo kudzaonerera katani.

Nkhaniyi ndinawasimbira aphunzitsi ena opuma amene amabwera kudzapinditsa mathalauzi awo, amene kale ankaperekeza ana ku mpikisano wa zisudzo za Chingerezi wa ATEM. Sanadabwe. Anati nzeru ya katani ija si yachilendo, idachitika ngakhale ku Hollywood. Sewero la nyimbo lotchedwa My Fair Lady lidayamba ku New York mu 1956, ndipo mbali ya Eliza Doolittle, mtsikana wogulitsa maluwa, adaitchukitsa ndi Julie Andrews, kumeneko komanso ku London. Pofuna kupanga filimu yake, imene idatuluka mu 1964, mwini kampani, Jack Warner, adamusiya Andrews ponena kuti dzina lake silidziwika m'mafilimu, n'kutenga Audrey Hepburn. Hepburn adaphunzira nyimbozo n'kuzijambula, koma pomaliza eni filimu adachotsa mawu ake pafupifupi m'nyimbo zonse n'kuikamo a mayi wina, Marni Nixon, amene dzina lake silidalembedwe m'filimumo. Mayi yemweyo ndiye adaimbira Deborah Kerr mu The King and I ndi Natalie Wood mu West Side Story. Mu 1965 Andrews adalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ina, Mary Poppins, pamene Hepburn sadaikidwe n'komwe pamndandanda wa opikisana, ndipo nyuzipepala zidaitenga nkhaniyo ngati mpikisano wa akazi awiri.

"Aphunzitsi, pamenepa akazi ovulala ndi angati?" ndinafunsa.

"Atatu."

"Nanga wosankha uja adavulala?"

"Filimu yake idalandira ma Oscar 8."

Ndinasiya kupalasa makina. Wina adalandidwa mbali imene adaikulitsa yekha, wina adalandidwa mawu ake, wina adalandidwa dzina. Zitatu zonsezi zidachitikira mu ofesi mmene akazi atatuwa sadalowemo. Nanga anthu ankafuniranji kudziwa ngati Andrews ndi Hepburn amapatsana moni?

Aphunzitsi anawonjezera ina, imene inandikhudza kwambiri chifukwa ikufanana ndi ya kope langa. Andrew Lloyd Webber, wopeka nyimbo wa ku England, adakonza sewero lotchedwa Sunset Boulevard, lonena za Norma Desmond, katswiri wa mafilimu amene adatayidwa atakula. Lidayamba ku London m'Julayi 1993, mbaliyo ili m'manja mwa Patti LuPone, amene anali ndi pangano losainirana lakuti ndiye adzakaliyambitsenso ku New York. M'Disembala chaka chomwecho sewerolo lidatsegulidwanso ku Los Angeles ndi Glenn Close. Kumayambiriro kwa 1994, LuPone akadali kusewera usiku uliwonse ku London, adamva kudzera m'nkhani ya m'nyuzipepala kuti ku New York kupita Close. M'buku la moyo wake adalemba yekha kuti adaphwanya zinthu m'chipinda chake chovalira. Nkhaniyo idapita kwa maloya, ndipo Lloyd Webber adamulipira ndalama zimene nyuzipepala zidati ndi madola 1 miliyoni. Chaka chomwecho Faye Dunaway, amene adamulemba kuti alowe m'malo mwa Close ku Los Angeles, adamuchotsa asanakwere n'komwe pasiteji, ati mawu ake sakufikapo, naye n'kukasuma.

Ndimayesa zotere zimachitika kwathu kuno chifukwa timangouzana pakamwa. Koma uko kudali pepala, kudali siginecha, kudali maloya, ndipo mkazi adamvabe za tsogolo lake kwa anthu ena. Ngati munthu wolemera chotero, amene akanatha kungonyamula lamya, adalephera kumuuza mayiyo yekha, kodi chovuta n'chiyani pa mawu akuti "mbaliyi sindikupatsa"? Kapena wosankha amapindula akazi awiri akamadikira onse, aliyense akulimbikira kuposa mnzake?

Pali funso lina limene anthu pamsika ankafunsa moseka, koma ine ndinalifunsa ndi mtima wonse: akulimbirana chiyani? LuPone ankalimbira New York. Kuno ndalama za pakhomo zikachotsedwa za holo, za jenereta ndi za chinkuzamawu, zotsala sizigula ngakhale sopo wokwanira gulu lonse. Ndinamufunsa wamkulu uja atabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake.

"Achemwali, mukudzipwetekeranji mtima ndi chinthu chopanda malipiro?"

Anandiyankha mosakwiya. Anati mabungwe akafuna sewero la kolera, la katemera kapena la maukwati a ana, amafunsa dayirekita kuti atumize anthu awiri kapena atatu ku maphunziro ku Mulanje kapena ku Blantyre, kumene kuli alawansi, ndipo mkazi amene amapita ndi yemwe anthu anamuona pakati pa siteji. Wa pamphasa sakumbukiridwa. Koma anati chachikulu si chimenecho. Kuti iye afike pamene ali, anapirira apongozi ake kumunena kuti mkazi wapabanja savina pamaso pa amuna, anapirira kutchedwa woyendayenda chifukwa chobwerera kunyumba kutada, anapirira mwamuna wake kufunsidwa ku bawo ngati amene amamukumbatira pasiteji uja ndi wa sewero chabe. "Amayi, mnyamata akalowa zisudzo amangolowa. Ine ndinalipira. Ndiye mundiuze kuti ndikhale pamphasa ndizivomera nyimbo?"

Ndinakumbukira kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la dziko lino linkaletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo atelala a nthawi imeneyo ankayesa mpendero ali ndi mantha. Lamulolo lidachoka, koma mkazi woima pagulu amayang'anidwabe ndi maso omwe aja. Wamng'ono uja naye anali kulipira kwake. Bambo ake anamulola kulowa gululo pokhapokha atamva kuti akaimba nyimbo ya maliro, osati kuvina. Ngati anthu awiri alipira mtengo wotere, n'kupeza kuti malo ndi amodzi, kupsa mtima kwawo tikutche nsanje? Sakulira chimene anagwirira ntchito kodi?

Chinanso chimene chimandizunguza n'chakuti ife a kuno kuimba pamodzi timakudziwa. Pitani pa maliro usiku. Mayi wina amayambitsa nyimbo, anzake n'kuvomera, ikatha wina wa pakona amayambitsa yake, mpaka mbandakucha, popanda wolemba mndandanda. Wa mawu okwera ali ndi nyimbo zake, wa mawu okhuthala ali ndi zake, ndipo nyimbo zina zimangoyenera gogo wa mawu osasa. Onani tchopa, gule wathu wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO lidamulemba mu 2014 pa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amene timakamuona ku Chonde pa mwambo wa Mulhako. Ovina amazungulira bwalo, amuna ndi akazi, ng'oma zosiyana misinkhu zikuyankhana, ndipo palibe amene amati guleyu ndi wa uje yekha. Nanga bwanji tikangokwera pasiteji n'kupachika katani, nyimbo zonse zimathamangira pakhosi limodzi?

Aphunzitsi anati ndi mmene masewero a kusukulu adabwerera: pamakhala mwini nkhani mmodzi, ena onse n'kumuzungulira, ndipo kumayiko a ndalama dzina limodzi lalikulu ndilo limagulitsa matikiti. Ndinawafunsa ngati limenelo ndi lamulo. Anati ayi. Ndinawakumbutsa Sarafina, filimu imene tonse tidaionera m'nyumba za vidiyo mpaka tepi kutha. Anati idayamba ngati sewero la nyimbo la Mbongeni Ngema ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, n'kupita ku New York mu 1988, filimu n'kudzatuluka mu 1992. M'filimumo Leleti Khumalo ndi mtsikana wa sukulu wa ku Soweto, Whoopi Goldberg ndi mphunzitsi wake, Miriam Makeba ndi mayi wake wogwira ntchito m'nyumba ya azungu. Akazi atatu, misinkhu itatu, aliyense ndi katundu wake. Kodi idachepa mphamvu chifukwa chakuti akazi adachulukamo? Amene tidaionera tikudziwa kuti ayi.

Kwathu kunonso umboni ulipo. Filimu ya Shemu Joyah, Seasons of a Life, idapatsa Flora Suya mbali yaikulu ya mtsikana wantchito wa m'nyumba, koma idasiyanso malo okwanira kwa akazi ena, moti mu 2010 Tapiwa Gwaza adabwera ndi mphoto ya Africa Movie Academy Awards ya mkazi wothandizira bwino m'filimu. Wolembayo adamulembera mbali yoti munthu angaonetserepo luso, ngakhale sinali ya pakati. Ndipo za atambala zija, nanga Izeki ndi Jakobo? John Nyanga ndi Eric Mabedi, onse a gulu la Kwathu, adaima pasiteji imodzi zaka zambirimbiri, wina akuponya mawu mnzake akuwakha, mpaka imfa idawalekanitsa Nyanga atamwalira mu 2016, Mabedi n'kutsatira mu 2021. Palibe adafunsa kuti mwini sewero ndani pakati pawo. Ngati amuna awiri angagawane kuseka kwa dziko lonse, n'chiyani chingaletse akazi awiri kugawana nyimbo?

Gulu la amuna likagawikana, kaya ndi bandi, kwaya kapena chipani, timamva kuti asiyana maganizo, kapena kuti avutana pa ndalama. Timawapatsa zifukwa za anthu akuluakulu. Akakhala akazi sitifunsa n'komwe chifukwa.

Dzina limene aphunzitsi analitchula mwaulemu kwambiri ndi la Gertrude Kamkwatira. Du Chisiza Jr, amene adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kusandutsa zisudzo kukhala ntchito yodyera, atamwalira m'Febuluwale 1999, Kamkwatira ndiye adatsogolera gululo. Pambuyo pake adachoka n'kuyambitsa lake, Wanna-Do Ensemble Theatre. Sadadikire kuti wina amulembere mbali. Adalemba yekha masewero, monga It's My Fault, lonena za nkhanza za m'banja, Jesus' Retrial, ndi Breaking the News, lonena za Edzi, ndipo adatsogolerapo bungwe la a zisudzo m'dziko muno asanamwalire mu 2006. Nkhani yake imandilimbitsa mtima, koma imandisiyanso ndi funso. Kodi mkazi aliyense waluso ayenera kuyambitsa gulu lake, kulemba yekha, kufunafuna yekha holo ndi ndalama, kuti apeze poima? Amene ali ndi mawu okha, kapena nkhope yokha yodziwa kulira, wopanda mphatso yolemba, apite kuti?

Koma funso limene linandisowetsa tulo ndi la sewero lenilenilo. Ine Napolo wa 1991 ndidamuona. Ndidaona azimayi atandandalika pansi m'mbali mwa msewu, matope atauma m'miyendo. Panali amene adataya mwana, panali amene adataya mwamuna, panali gogo amene adatsala yekha pa banja lonse, panali mtsikana amene adasanduka mayi wa azing'ono ake m'mawa umodzi. Panali amene ankalira mokweza mpaka mawu kutha, panali amene sadatulutse liwu, ankangopukuta mphika umene adautola m'matope. Panali anamwino ndi masisitere a ku Holy Family amene ankalandira ovulala. Panalinso azimayi amene nyumba zawo zidatsala, amene adaphika phala la anthu osawadziwa. Onsewa anali akazi, ndipo kulira kwawo sikunali kumodzi.

Ndiye ndinapitanso kwa dayirekita. "Achimwene, kodi tsiku lija mayi wolira anali mmodzi?"

"Ayi, amayi, koma mmodziyo akuimira onse."

"Nanga mfumu, m'busa, wapolisi ndi chidakwa, bwanji mmodzi sakuimira onse?"

Anakanda m'mutu. Anati sanaganizepo choncho, anangolemba mmene masewero amalembedwera. Ndikukhulupirira ankanena zoona. Ndinamufunsa ngati sikungatheke kuti wamkulu uja akhale mayi wosatulutsa liwu la nyimbo, wolankhula ndi nkhope ndi manja aja anaimitsa wogulitsa tomato, wamng'ono n'kukhala mwana wake wamkulu amene amaimba zimene mayiyo akulephera kunena. Anati ndi nzeru yabwino, koma masiku atha, zikalata zoitanira anthu zamatidwa kale m'mitengo, ndipo kuti awonjezere mbali ya mkazi ayenera kudula mawu a chidakwa, pamene mnyamata wosewera chidakwayo ndiye mwini chinkuzamawu.

Anasankha wamng'ono. Wamkulu anamva kwa mwana wa sukulu amene anatumidwa kudzatenga diresi. Ndinalibweza m'chiuno, ndinakweza mpendero, m'khwapa ndinasiya momwemo. Sewerolo linachitika holo itadzaza, ndipo mtsikanayo atafika panyimbo yomaliza azimayi a m'mabenchi a kumbuyo anayamba kulira maliro enieni, ena mpaka kutuluka nawo panja. Anaimba bwino kwambiri, ndipo palibe angamulande zimenezo. Wamkulu uja analipo. Analipira pakhomo ngati wina aliyense, anakhala pafupi ndi khomo, ndipo pomaliza ndinamuona akuwomba m'manja. Amene ankakamba za sing'anga aja, izi sanazikambe.

Sanabwererenso m'gululo. Anatenga atsikana angapo a pamphasa paja n'kuyamba kukumana nawo kuseri kwa nyumba yake madzulo, akaweruka kumunda. Akulemba sewero lake, la azimayi ogulitsa nandolo amene amabedwa pasikelo ndi mavenda. Nditamufunsa kuti akazi olankhula alimo angati, anati pakadali pano ndi anayi, ndipo mmodzi wa iwo ali ndi nyimbo yokwera imene iye mwini sangaifike. Anatumiza uthenga kwa mtsikana uja kuti adzaiimbe.

Mtsikanayo anabwera pakhonde panga kudzandifunsa maganizo, nkhope ili yakugwa. Akufuna kupita. Koma dayirekita wamuuza kuti akakangoimba kumeneko asadzabwerenso, poti gulu lake ndilo linamutulutsa poyera, ndipo ulendo wa ku Blantyre ukubwerawu dzina lake lili kale papepala.

"Mwana wanga, iwe mtima wako ukuti chiyani?"

"Ukuti ndiimbe konse kuwiri, amayi."

Ndinakamupeza dayirekita uja n'kumufunsa chimene chingaonongeke mtsikanayo akaimba Loweruka kwina, Lamulungu kwina. Anati za m'magulu ndi zovuta, munthu wa kunja sangazimvetse. N'kutheka. Koma akazi awiri amene Boma yonse inkati ndi adani akufuna kuima pasiteji imodzi, wina walembera mnzake nyimbo, winayo akufuna kuiimba. Tsopano akuwaletsa ndani, ndipo mawu a mtsikanayo ndi a yani?